Kwawo Mtembo Sugona

Ine ndine telala. Makina anga akhala pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika wa pa boma la Nkhotakota zaka zambiri, ndipo bulauzi zoyera zimene amayi a mumpingo mwathu amavala Lachinayi, zambiri zinatuluka m'manja mwanga. Pakamwa panga anthu amapadziwa. Malemu amuna anga ankakonda kunena kuti singano yanga ndi yobuntha, chakuthwa ndi lilime, ndipo sankanama. Nkhani iyi ndaisunga nthawi yaitali chifukwa munthu woipa m'menemo ndine ndemwe.

Mpingo wathu uli ndi mwambo wotuluka Loweruka m'mawa awiriawiri kukalalikira khomo ndi khomo. Kuno ntchito imeneyi si yamasewera. Makomo ambiri ndi a Asilamu, anthu oti chipembedzo chawo anachipeza kwa makolo a makolo awo, ndipo sakuthamangitsa ayi. Amakuyalira mkeka, kukupatsa madzi akumwa, kumvetsera mpaka mawu ako onse atha, kenako n'kukuperekeza mpaka pamsewu akuthokoza kuti wawayendera. Ukabwerera sabata inayo, mkeka womwewo, madzi omwewo, zikomo yemweyo. Ine ndinayenda choncho zaka zisanu ndi ziwiri osatembenuza ngakhale mwana. Lamulungu akulu a mpingo akaitana amene abweretsa munthu watsopano kuti aimirire awaombere m'manja, ine ndinkaweramira zikhadabo zanga. Zinkandiwawa, ndisaname. Nsanje ndinali nayo, makamaka pa mayi wina wa kwaya amene anabweretsa asodzi atatu chaka chimodzi, ngakhale kuti onse atatu anabwerera ku kachasu Khirisimasi isanafike.

Munthu mmodzi yekhayo amene ndinabweretsa, kunena zoona, anadzibweretsa yekha. Anafika pakhonde langa ndi diresi yoti ndimuchepetsere m'chiuno. Anali mayi wachisilamu, wamfupi, wamng'ono kwa ine, wogulitsa mpunga mumsika, mpango atakulunga mpaka m'khosi. Tsikulo ndinali nditasiya Baibulo lotsegula pa benchi ya makasitomala chifukwa madzulo ake ndinali woti nditsogolere phunziro. Iye anakhala kunsonga kwenikweni kwa benchi, kutali nalo.

"Mayi," anatero, "buku la Mulungu mumaliika pokhala anthu?"

"Mulungu wanga saopa benchi," ndinamuyankha.

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Kenako anati ndimuwerengereko pang'ono amve, popeza iye sukulu anailekeza sitandade yachiwiri. Ndinamuwerengera za mayi uja anadwala nthenda yotaya magazi zaka zambiri, amene anangobwera kumbuyo n'kukhudza chovala cha Ambuye. Mawa lake anabweranso, wopanda chosoketsa chilichonse.

Chinasanduka chizolowezi. Masana msika ukazirala ankasiyira mnzake mpunga n'kubwera, ine ndikupalasa makina, ndikumawerenga pakati pa msoko ndi msoko. Posakhalitsa anasiya kunditchula mayi, anayamba kunditi achemwali. Mafunso ake ankanditulutsa thukuta. Ankafuna kudziwa chifukwa chake timalowa m'nyumba ya Mulungu ndi nsapato zimene tapondera zonyansa za mumsika, ndiponso chifukwa chake timapemphera kamodzi pa sabata ngati Mulungu ndi bwana wa ku ofesi wofuna kupangana naye tsiku. Mayankho ena ndinali nawo, pena ndinkangokweza mawu. Atayamba kubwera ku phunziro la Baibulo la Lachitatu, ankavula masilipasi pakhomo la tchalitchi ndi kusamba m'manja pa mjigo asanakhudze buku limene sankatha n'komwe kuliwerenga. Amayi ena ankagwira pakamwa kubisa phwete. Ndinawauza kuti amene aseke kachiwiri bulauzi yake azikasoketsa ku Salima, ndipo anasiya.

Moyo wake ndinaudziwa pang'onopang'ono. Anali mkazi wachiwiri wa bambo wina wochita malonda a nsomba. Ana anabereka awiri, onse anamwalira asanayambe kuyenda, ndipo pathupi sipanabwerenso. Makolo analibe. Anatsala ndi mlongo wake wamkulu ndi mkulu wake wamkazi, onse kumudzi kwawo njira ya ku Liwaladzi. Tsiku lina tikuwerenga anandigwira mkono kuti ndiimitse makina.

"Achemwali, za kumwamba ndazimva, ndipo ndazikonda. Koma ndikufunseni za pansi pano. Ine ndilibe mwana. Ndikatuluka kwathu, achimwene sadzandipempherera swala, shehe wa kumzikiti sadzaima pa mtembo wanga. Ndikadzafa adzandiika ndani?"

Anandiuza kuti ali mtsikana anaonapo mlendo wina amene anafera pa boma, wopanda m'bale womudziwa. Anamunyamula akaidi, n'kukamukwirira popanda woimba kapena wopemphera, anthu ali pa malonda awo. Chinthucho chinamukhala mumtima. Njala sankaiopa, kusekedwa sankakuopa, ngakhale imfa yeniyeniyo ankainena mosatekeseka. Chimene ankaopa n'kulowa m'dothi popanda munthu womutchula dzina pamaso pa Mulungu.

Ine ndinadziguguda pachifuwa. Ndinamuuza kuti mpingo ndiwo mudzi wake watsopano, ndipo maliro a Mkhristu saikidwa mwakachetechete. Ndinamufotokozera mmene timachitira: amayi a yunifolomu mizere iwiri, kwaya, nkhata za maluwa, abusa kutsogolo, kuimba kuchokera panyumba mpaka kumanda. Ndinamuonetsa manja anga n'kumuuza kuti adzamusambitsa ndi amenewa. Ndinalumbira, ngakhale kuti buku limene linali pamiyendo panga limaletsa kulumbira.

Atalembetsa kalasi ya ubatizo, akulu a mpingo anamuitanira pambali. Mkazi wachiwiri sabatizidwa akadali pa mitala, ndilo lamulo lathu. Analira masabata awiri, chifukwa mwamuna wakeyo sanali munthu wankhanza, kenako anamanga katundu wake n'kukapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Mlongo wake anabwera kudzalankhula naye kamodzi. Sanakalipe. Anangomufunsa katatu ngati akudziwa chimene akuchita, ndipo atayankha katatu kuti inde, anakwera njinga yake n'kumapita. Mkulu wake anasiya kumuyendera. Ogula mpunga ena anayamba kudutsa pa benchi yake ngati sakumuona. Lamulungu lotsatira akulu a mpingo anaitana dzina langa, ndinaimirira, ndipo tchalitchi chonse chinaomba m'manja. Ndinamva kukoma kwambiri, ndipo ndinayang'ana dala kumene kunakhala mayi wa asodzi atatu uja.

Kalasi ya ubatizo kwathu ndi ya zaka ziwiri. Iye sanajombe ngakhale tsiku limodzi, ndipo mayankho ankawaloweza pamtima kuposa ana a sukulu. Pa kupemphera ndiye anatiposa tonse. Chizolowezi chopemphera kasanu pa tsiku sanachitaye, anangosintha wopempheredwa. Nthawi ikakwana ankagwada kuseri kwa matumba a mpunga, wogula adikire. Ine wobadwira mumpingo ndinkapemphera pa chakudya ndi pogona, ndipo pogonapo nthawi zina tulo tinkandipeza ndisanafike pa ameni.

Lachitatu lina tinawerenga za munthu uja anaitanidwa ndi Ambuye n'kupempha kuti ayambe wakaika maliro a bambo ake, koma sanaloledwe. Amayi ena anangogwedeza mitu, popeza ndimeyo anaimva kambirimbiri. Titatuluka, panjira iye anandifunsa ngati Ambuye sasamala za maliro. Ndinamuuza kuti asadandaule, amenewo ndi mawu ophunzitsa chabe, ife maliro timaika bwino kuposa aliyense m'boma lino. Sindikudziwa ngati anakhutira, koma sanafunsenso.

Chaka chachiwiri chili mkati anayamba kuwonda. Diresi ija ndinaichepetsanso kawiri. Kuchipatala anati ndi khansa ya m'chiberekero, ndipo inali itapita patali. Masabata oyamba amayi a mpingo tinkapita ku kachipinda kake ndi nkhuni ndi ufa, kuimba, kupemphera. Koma matenda aatali amatopetsa, ndipo kachipindako kanayamba kununkha. Anthu anayamba kuchepa. Ine ndinali ndi mayunifolomu a sukulu oti ndimalize, ndimo mmene ndinkadziuzira. Amene anabwera kudzamunyamula ndi mkulu wake uja, yemwe anakhala chaka osamulankhula. Anamutengera kumudzi kukamusamala, osafunsa munthu.

Kumudziko ndinapitako kawiri kokha pa miyezi itatu. Ndinkachita manyazi kukakhala pakhomo pa anthu amene ndinawalanda m'bale wawo n'kuwabwezera mafupa. Ulendo wachiwiri ndinamupeza atagona pakhonde kuthawa kutentha kwa m'nyumba, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Anandiuza kuti wawapempha achimwene ake kuti akadzafa adzaitane a mpingo, ndipo avomera.

"Mudzabwera, achemwali?"

"Usandifunse zopusa iwe," ndinatero. "Ndidzabwera ndi tchalitchi chonse."

Nditabwerako ndinapita kwa akulu a mpingo kukapempha kuti abusa akamubatize pa mphasa pomwepo. Akuluwo ndi mphunzitsi wopuma, munthu wa malamulo. Anati kwatsala masabata atatu okha kuti a kalasi onse abatizidwe pamodzi, tidzakamutenga pa galimoto, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine amene ndimakangana ndi kondakitala wa minibasi chifukwa cha mpando, ndinangoti zikomo bambo n'kutuluka. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndinkafuna abatizidwe m'tchalitchi, pamaso pa anthu, ine nditaima pambali pake.

Linali Lachiwiri m'mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kuno kumene munthu amatuluka thukuta akusamba. Ndikungovundukula makina cha m'ma 7 koloko, njinga yamoto inaima pakhonde. Anatsika mlongo wake, bambo wamtali wa ndevu zoyera, atavala mkanjo ndi kofia.

"Mayi, mlongo wanga watisiya m'bandakucha. Anandipempha kuti ndidzakuuzeni inu, ndiye ndabwera. Ndi wanu. Bwerani mudzamutenge mukamuike mwa chipembedzo chanu, ife sitiletsa. Koma kwathu mtembo sugona, ndipo kunjaku mukukuona. Tikudikirani mpaka swala ya masana. Ikadutsa musanafike, timuika ife."

Ndinalira, ndinawathokoza, ndinawauza kuti tikubwera. Anandifunsa ngati ndikufuna kukwera nawo pa njingayo. Mpando wakumbuyo unalipo, wopanda munthu. Ndinati ayi, atsogole, ndiyambe ndakonza zinthu.

Nthawi imene anandipatsayo ndinaimva bwinobwino, koma ndinaiyeza ndi muyeso wa kwathu. Kwathu akati mwambo wa maliro uyamba 10 koloko, ndiye kuti 10 koloko adzukulu akukumbabe, amayi akuphika, ndipo malume a ku Lilongwe sananyamuke n'komwe. Palibe amene amaika maliro eni ake asanafike. Ndakhala pakati pa Asilamu moyo wanga wonse. Ndaona jeneza, chonyamulira mtembo chawo, likudutsa pamsewu munthu atamwalira m'mawa womwewo, amuna akusinthana mapewa mofulumira ngati akuthawa mvula. Ndinkadziwa. Koma ndinkaganiza kuti zimenezo ndi za maliro awo, awa ndi athu, adikira.

Ndinakwera kabaza kupita kwa akulu a mpingo. Anandipepesa, kenako anatulutsa kabuku ka malamulo. Munthu wa kalasi, anatero, si Mkhristu wathunthu. Maliro ake mpingo umapitako, koma za yunifolomu, kwaya ndi kulowetsa mtembo m'tchalitchi n'zofuna chilolezo cha abusa. Abusa anali ku msonkhano ku Dwangwa, foni atathimitsa. Apa ndiye lilime langa linadzuka. Ndinawakumbutsa amene anati tidikire masabata atatu, ndinawauzanso zina zimene sindingalembe. Iwo anakwiya, ine ndinakwiya, ndipo ola lathunthu linatha tikukokana pansi pa mtengo wa mango. Pomaliza anati ngati ndikufuna nditsogole ndi amayi awiri kapena atatu tikakhale ndi mtembo, iwo atsatira abusa akayankha. Anali malangizo abwino, mwina abwino kuposa onse amene bambo amenewo anaperekapo. Ndinawakana. Sindinafune kukafika kumudziko ngati opemphetsa, atatu m'zitenje. Ndinkafuna mudzi wonsewo uone mmene Akhristu amaikira munthu wawo.

Abusa anayankha foni cha m'ma 11 koloko, nthawi yopuma. Anavomera zonse mosavuta. Anati munthu amene anasiya banja chifukwa cha Ambuye ndi wathu, tikamutenge, iwo afika mawa kudzaika. Ndinathamanga nyumba ndi nyumba kumema amayi. Wina anali kudimba, wina bulauzi yake inali pachingwe yonyowa, wina anafunsa ngati kumeneko kukakhale chakudya. Kalipentala anali ndi bokosi limodzi lokhoma kale koma losakuta mkati. Ndinagula nsalu yoyera, ndinakhala pansi m'shedi mwake n'kuyamba kulikuta ndekha, ndi lesi m'mbali monse, chifukwa sindinafune kuti mng'ono wanga agone pa thabwa. Ntchitoyo ndinaigwira bwino kwambiri. Ndikukhomera nsaluyo ndinamva kuitanira kwa swala ya masana kuchokera ku mzikiti, ndipo sindinaimitse dzanja.

Foni yanga inalira. Anali bambo a ndevu zoyera aja.

"Mayi, nthawi yakwana. Muli pati?"

"Tili m'njira, bambo. Tatsala pang'ono kufika."

Linali bodza, bodza lija tonse timanena tikusamba kapena tisanavale nsapato, ndipo womva amadziwa kuti aonjezerepo ola. Galimoto inali isanapezeke n'komwe. Iwo anati chabwino, adikira.

Pikapu tinaipeza 2 koloko itadutsa, ndipo dalaivala anayamba wapita kukafuna mafuta. Mtsogoleri wa kwaya anati sangapite popanda ng'oma. Ng'omayo inali yokhomeredwa m'tchalitchi, kiyi ali ndi munthu amene anapita kuchigayo. Atsikana ankaluka nkhata ndi maluwa ofiira a pampanda wa abusa, ndipo imodzi ndinaibweza kuti ailukenso chifukwa inali yokhota. Foni inaliranso kawiri m'chikwama. Ndinaiona, ndinaisiya, chifukwa ndinalibe bodza lina. Tinanyamuka 4 koloko ili pafupi, amayi oposa khumi m'zoyera titazungulira bokosi, akulu a mpingo kutsogolo ndi dalaivala.

Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa kumudziko, ndinamenya denga la galimoto kuti dalaivala ayende pang'onopang'ono, ndipo nyimbo ndinaiyambitsa ndine. Tinaimba mokweza, ng'oma ikulira. Ana ankathamangira kumsewu, amayi ankatuluka m'makhonde kudzationa. Ndiulule pano: chisoni ndinali nacho, koma pa mtunda umenewo kunyada kunali pamwamba pake.

Pakhomo paja panali zii. Amayi ochepa anali atakhala kuseri kwa nyumba. Pabwalo amuna ankathirana madzi m'manja ndi m'miyendo, makasu ali poteropo, dothi likadali lomata. Pakati pawo ndinamuona mwamuna wake wakale uja, amene mng'ono wanga anamusiya chifukwa cha lamulo lathu, nayenso akusamba dothi. Jeneza linali litatsamira pa mtengo, lopanda kanthu. Ndinatsika galimoto isanaime bwino, akulu a mpingo akunditsatira. Amayi anatsala pamwamba ndi bokosi, akuimbabe motsitsa.

Mlongo wake anabwera kudzakumana nafe pakati pa bwalo. Mkanjo wawo unali wadothi mpaka m'mawondo. Sanakweze mawu.

"Mayi, mwafika. Munati muli m'njira, ndiye ndinakaima pamsewu. Swala ya masana inadutsa, ndinawapempha anthu kuti tidikire. Ndaima pamenepo mpaka swala inayo, ndikuyang'ana galimoto iliyonse. Thupi linayamba kusintha, ngakhale mkulu wake sakanathanso kukhala m'chipindamo. Ndiye tamuika."

Ndinafunsa amene anamusambitsa. Anati mkulu wake ndi amayi ena awiri, ndipo anamukulunga mu sanda, nsalu yoyera yatsopano, monga mwana wa pakhomo pano. Manda anakumba kumapeto kwa manda a banja lawo. Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinati basi bambo, Mulungu ndi mmodzi, bola anthu amupempherera.

Bambo aja anandiyankha motsitsa.

"Wamupempherera ndani, mayi? Shehe anabwera, wakhala nafe tsiku lonse. Koma mlongo wanga anatuluka yekha, masanasana, ndipo ananena ndi pakamwa pake kuti adzamupempherera ndi a mpingo. Kumuswalira kukanakhala kumunamizira pamaso pa Mulungu. Mapemphero anu ife sitiwadziwa. Tamunyamula chete, tamutsitsa chete, takwirira. Palibe amene wanena kanthu."

Ndinakhala pansi pa fumbi ndi yunifolomu yanga yosita. Akulu a mpingo anavula chipewa n'kupempha kuti awalole akaime kumandako awerenge mawu ochepa, ngakhale pa dothi chabe. Bambo aja anapukusa mutu. Anati tikanafika masana akanatipatsa mlongo wawo yense, koma tsopano wagona pakati pa makolo awo, ndipo kumeneko sangalowetseko mwambo wina. Ine ndinati ndipite ndekha, sindikaimba, ndikangoona malowo. Amene anandiyankha ndi mkulu wake, atatuluka kuseri kwa nyumba, maso otupa, manja atatuwa ndi sopo. Anati kwawo akazi salowa kumanda, ngakhale iye sanapiteko, ndipo sangasinthe mwambo chifukwa cha anthu ofika 4 koloko.

"Dzulo lonse amafunsa za inu," anatero. "Ine ndimamuuza kuti asaope, achemwali ake abwera. Mwandinamitsa ndi ine ndemwe kwa mng'ono wanga."

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire, ndipo mpaka lero sanachoke.

M'galimoto muja amayi anali asanamve kanthu. Ataona ndakhala pansi anaganiza kuti chisoni chandigwira, ndiye mtsogoleri wa kwaya anakweza nyimbo kuti andilimbitse mtima, ng'oma n'kuyambiranso. Ndinadzuka n'kukuwa kuti akhale chete. Ndinakuwa ndi mawu onse amene ndili nawo, mpaka nkhuku za pabwalo zinabalalika. Nyimbo inadukira pakati.

Tinaima pamenepo kanthawi, osadziwa popepesera pake. Akulu a mpingo ananong'oneza amayi chimene chachitika, ndipo mmodzimmodzi anayamba kubisa nkhata kumbuyo. Kenako dalaivala anati galimoto ikufunika ku boma. Tinakweranso, aliyense pamalo pake. Titafika pa tala mayi wina anafunsa motsitsa kuti bokosili tikalisiya kuti, popeza kalipentala salandira bokosi lobwerera ndipo palibe amene angalole ligone pakhomo pake. Ine ndinatsamira pa chivindikiro chake njira yonse kuti lisagwe m'mabampu, chifukwa bokosi lopanda munthu limadumpha kwambiri.